Kampeni Ikayamba: Mmene Mungatchingire Nkhani za Pawailesi Kuti Zisasanduke Malonda a Chipani

Azakhali anga sadziwa kulemba, koma wailesi amaimvera kuposa ine amene ndakhala m'situdiyo zaka zambiri. Chaka china cha chisankho ndinapita kukawaona kumudzi, ndipo tili pakhonde kutong'ola chimanga anandiuza motsimikiza kuti mlatho wa pamtsinje wathu umangidwa mvula isanagwe. Nditawafunsa kuti amva kwa ndani, anandiyang'ana modabwa. "Si inu nomwe a pawailesi mwanena, mwanangu?" Ndinasowa choyankha, chifukwa ndinkadziwa kumene mawuwo anachokera. Unali uthenga wolipiridwa ndi munthu wina wofuna uphungu. Tinkauulutsa patangotsala mphindi imodzi kuti nkhani za 7 koloko madzulo ziyambe, ndipo amene anauwerenga anali mnzathu yemwe ankawerenganso nkhanizo. Kwa azakhali liwu linali lomwelo, wailesi yomweyo, nthawi yomweyo. Akanasiyanitsa bwanji?

Ndikulembera inu achimwene ndi achemwali amene mwangolowa kumene ntchito yautolankhani, makamaka m'mawailesi a m'madera, kumene munthu mmodzi amatola nkhani m'mawa, kuwerenga mauthenga a maliro masana, madzulo n'kukhalanso woika nyimbo. M'nyumba zikuluzikulu zoulutsira mawu muli khoma pakati pa ofesi ya zamalonda ndi chipinda cha nkhani. Kwathu kuno khoma lotere kulibe, tiyenera kulimanga tokha. Choyamba kuchimvetsa n'chakuti wandale akamagula nthawi pawailesi, diso lake silikhala pa masekondi 60 amene walipirawo. Iye amafuna kuti mawu akewo adzatuluke pakamwa panu, m'kati mwa nkhani, osalipiranso kanthu. Anthu amadziwa kuti wogulitsa tomato sanena kuti tomato wake ndi wowola, choncho malonda amawamvera ndi khutu limodzi. Nkhani ndiye amaitchera makutu onse awiri.

Mmene uthenga wolipira umalowera m'nkhani

Nzeru imeneyi ndi yakale. Pa 7 September 1964, wailesi ya kanema ya NBC ku America inaonetsa uthenga wa mphindi imodzi wa kampeni ya Lyndon Johnson, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo. Kamtsikana kakuthothola duwa uku kakuwerenga, kenaka liwu la mwamuna likuwerenga chobwerera m'mbuyo, mapeto ake bomba la nyukiliya n'kuphulika. Dzina la wopikisana naye, Barry Goldwater, silinatchulidwe n'komwe, koma aliyense anamva kuti akunenedwa ndi iyeyo. A kampeni ya Johnson analipira kuti uthengawo uonetsedwe kamodzi kokha. Poti unautsa mapiri pachigwa, mawailesi ena a kanema anauonetsa m'nkhani zawo, ndipo kamtsikana kaja kanaoneka pachikuto cha magazini ya Time. Mu 2004 zinachitikanso kwa John Kerry, amene ankafuna utsogoleri wa dziko la America: gulu la asilikali akale linagula nthawi m'zigawo zochepa chabe n'kukaikira mbiri yake ya kunkhondo ya ku Vietnam, koma dziko lonse linamva nkhaniyo kudzera mwa atolankhani amene anakhala akuikambirana kwa milungu ingapo.

Kuno kwathu ulendo wake umayambira pabwalo la msonkhano. Kumbukirani chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020. Malonjezo atatu a mgwirizano wa zipani wa Tonse anali pakamwa pa aliyense: feteleza wa K4,495 thumba limodzi, ntchito 1 miliyoni, ndi kudya katatu patsiku. Ananenedwa pansanja, analowa m'nyimbo ndi m'ma jingle (timauthenga tamalonda tokhala ndi nyimbo), ndipo ife atolankhani tinawabwereza m'nkhani tsiku ndi tsiku, chifukwa pa msonkhano uliwonse woimaima atsogoleri ankanena zomwezo. Sindikutchula mgwirizano wa Tonse ngati kuti ndi wokhawo. Chipani chilichonse chokhala ndi alangizi ochenjera chimachita chimodzimodzi: kusankha mawu afupiafupi okhala ndi nambala, oti ngakhale mwana angawaloweze, n'kuwabwereza mpaka mkonzi wotopa, amene nthawi yamuthera ndipo akusaka mutu wa nkhani, awatenge momwe alili.

Njirayi imayendanso chobwerera. Mwajambula mayi pamsika akudandaula kukwera mtengo kwa chimanga, mwaulutsa m'nkhani. Patapita masiku awiri mukumva liwu la mayi uja muuthenga wa chipani, atalidula bwinobwino, kumbuyo kwake kukulira ng'oma. Mayiyo sanavomere kukopera munthu aliyense mavoti, ndipo kumudzi kwawo tsopano akumuloza zala. Choncho gwirizanani msanga kuti mawu ojambulidwa kuti akhale nkhani sagulitsidwa, sabwerekedwa, ndipo satumizidwa pa WhatsApp kwa mneneri wa chipani ngakhale atapempha mwaulemu bwanji.

Zoti mukonze kampeni isanatsegulidwe

Kampeni yovomerezeka ndi MEC, bungwe loyendetsa zisankho, imatenga masiku pafupifupi 60. Ya chisankho cha pa 16 September 2025 inatsegulidwa pa 14 July. Andale sadikira tsikulo, ndiye inunso musalidikire. Kutatsala miyezi ingapo, khalani pansi nonse: manijala, wa zamalonda, mkonzi, owerenga nkhani, ndi mmodzi wa abodi. Werengani limodzi malamulo a kaulutsidwe ka nkhani za chisankho amene nyumba zofalitsa nkhani zimasainirana ndi MEC, komanso zimene chiphaso chanu cha MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, chikunena. Zimene mwagwirizana muzilembe papepala ndi kumata pakhoma la pamalo ofikira alendo. Pepala limenelo lidzakuthandizani tsiku limene munthu wamkulu adzabwere atakwiya. Simudzafunika kukangana naye, mudzangomuonetsa.

Mtengo ukhale umodzi kwa onse, wolembedwa poonekera, kaya ndi nduna kaya ndi mayi woima payekha pa ukhansala. Alipire kaye uthenga usanauluke, ndipo alandire risiti. Pa nkhani ya ngongole ndiye musagonje. Ngongole ya kampeni ndi yovuta kutolera, chifukwa wogonja amakhala kuti ndalama zamuthera, pamene wopambana mumachita naye mantha. Choopsa kwambiri n'chakuti wailesi imene ikudikira ngongole kwa wandale imayamba kumufunira chipambano mosazindikira, n'kumazengereza kuulutsa nkhani yomukhumudwitsa. Akabwera wamalonda wina kudzalipirira uthenga wa woimira chipani, lembani dzina lake lenileni parisiti. Lamulo la zipani la 2018 limafuna kuti zipani ziziulula thandizo loyambira K1 miliyoni lochokera kwa munthu ndi K2 miliyoni lochokera ku kampani, ndiye wailesi isakhale pobisalira anthu ofuna kuthandiza mumdima.

Tsopano nkhani ya liwu, imene ndi yomwe inasokoneza azakhali anga. Aliyense amene amawerenga nkhani, kufunsa mafunso andale kapena kuyendetsa pulogalamu yoimba foni asawerenge uthenga wa chipani. Ndikudziwa kuti pawailesi yaing'ono mawu okoma ndi ochepa, ndipo wandale amabwera atasankhiratu kuti akufuna uje chifukwa anthu amamukonda. Ndiye chifukwa chakenso muyenera kukana. Chimene akufuna kugulacho ndi chikhulupiriro chimene mnzanuyo wachimanga kwa zaka, ndipo chikagulitsidwa sichibwerera chisankho chikatha. Auzeni abwere ndi uthenga wojambulidwa kale, kapena abweretse munthu wawo adzawerenge. Mukhoza kuwabwereka situdiyo pa mtengo wake, zimenezo zilibe vuto.

Uthenga wandale usagundane ndi nkhani. Siyani mpata wa mphindi zingapo nkhani zisanayambe ndi zitatha, muikepo nyimbo, za nyengo kapena malonda a sopo. Ndipo uthenga uliwonse uyambe ndi kutha ndi mawu ouza womvera chimene akumva, m'chilankhulo chake, onenedwa mosathamanga: "Uthenga wotsatirawu walipiridwa ndi chipani chakutichakuti, ndipo si maganizo a wailesi ino." Ena amawanena mothamanga ngati akuthawa galu, ena amawanena m'Chingerezi pa wailesi imene omvera ake amalankhula Chiyao kapena Chisena. Kutero n'chimodzimodzi kusanena.

Chovuta kwambiri ndi msonkhano woulutsidwa pompopompo. Chipani chagula maola atatu, mwapita ndi zipangizo, ndipo mnzanu ali pabwalo ndi maikolofoni. Kwa womvera zimenezi zimamveka ngati nkhani. Nthawi ndi nthawi, tinene pa mphindi 15 zilizonse, wa m'situdiyo azikumbutsa kuti nthawiyi yagulidwa ndi chipanicho. Mnzanu wa pabwaloyo asakhale wotamanda. Mawu ngati "namtindi wa anthu" ndi "bwalo ladzaza mosaneneka" awasiyire woyendetsa mwambo wa chipani. Wa m'situdiyo dzanja lake likhale pafupi ndi batani, chifukwa wolankhula akayamba kutukwana kapena kuuza achinyamata kuti akathane ndi akutiakuti, muyenera kudula nthawi yomweyo. Muwauziretu zimenezi musanalandire ndalama zawo.

Uthenga wojambulidwa uliwonse mkonzi aumvere wonse usanalowe m'kompyuta. Kanani wonyoza mtundu wa anthu, chigawo kapena chipembedzo. Kanani wonena kuti wakutiwakuti ndi wakuba kapena mfiti popanda umboni, wonyoza mayi chifukwa chakuti sali pabanja, ndi wosokoneza anthu za tsiku kapena malo oponyera voti. Mu July 2025 khoti linathetsa lamulo lomanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, koma woipitsiridwa mbiriyo angathebe kusumira wailesi kuti imulipire, ndipo kunena kuti "tinangolandira ndalama" sikungakupulumutseni. Mukakana, fotokozani chiganizo chenicheni chimene chalakwika ndi kuwapatsa mwayi wokakonza.

Lonjezo likasanduka nkhani

Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Chikalata chimene mneneri wa chipani watumiza msonkhano utatha ndi malonda ovala jekete la nkhani. Ngati simunapiteko, nenani poyera kuti izi ndi zimene chipanicho chanena. Ngati munapitako, dzifunseni kuti chatsopano n'chiyani lero. Mtsogoleri akabwereza lonjezo lomwe lili kale mu jingle yake, lomwe analinenanso dzulo ndi dzana, palibe chifukwa choliikira pamwamba pa nkhani. Mwina nkhani yeniyeni ili kunja kwa bwalo: ana asukulu amene aweruka msanga kuti akaimbire alendo, malole amene anatuta anthu kuchokera kuboma lina, kapena ndalama zimene zimagawidwa kuseri kwa nsanja, zomwe lamulo la zipani lija limaletsa.

Lonjezo lokhala ndi nambala ndi mphatso kwa mtolankhani, chifukwa nambala imawerengeka. Tengani feteleza uja. Mafunso oyenera kufunsa mu 2020 anali osavuta: thumba likugulidwa ndalama zingati kusitolo, boma liziwonjezera zingati pa thumba lililonse, alimi opindula ndi angati, aliyense matumba angati, ndipo zonse pamodzi zikukwana zingati? Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba chaka chomwecho, inapatsidwa ndalama pafupifupi K160 biliyoni kuti ifikire mabanja oposa 4 miliyoni, ndipo alimi anaguladi pa K4,495. Chaka chotsatira mtengo unafika K7,500, kenaka K15,000. Mtolankhani amene akanafunsa pa nthawi ya kampeni kuti mtengowu ungakhazikike zaka zingati, nanga kwacha ikagwa zidzatani, akanathandiza mlimi kuposa amene anangobwereza nambalayo maulendo 100. Simufunika digiri ya zachuma. Mufunika pensulo, mtengo wa kusitolo ya pa trading centre yanu, ndi munthu mmodzi wodziwa za bajeti amene mungamuimbire foni. Kwa ofuna uphungu ndi ukhansala funso ndi limodzi lomwe: ndalama zake zidzachokera thumba liti, ndipo kodi ntchitoyo ili m'manja mwa phungu kapena mwa khonsolo?

Nanga uthenga wa chipani ukakhala ndi bodza loti lafalikira, muutsutse bwanji osaufalitsa? Katswiri wina wa pa University of Pennsylvania, Kathleen Hall Jamieson, anapeza kuti wailesi ya kanema ikaonetsa uthenga wonse pofuna kuudzudzula, oonera ambiri amakumbukira uthengawo n'kuiwala chidzudzulocho. Anapereka nzeru yoti uthengawo uzionetsedwa m'kabokosi kakang'ono, pamwamba pake patalembedwa mawu ochenjeza, ndipo mawailesi ena a ku America anayamba kutero pa chisankho cha 1992. Ife a wailesi ya mawu okha kabokosi tilibe, koma nzeruyo tingaigwiritse ntchito. Yambani ndi choonadi. Kenaka tchulani bodzalo mwachidule, m'mawu anu, popanda nyimbo yake, chifukwa nyimbo ndi imene imakanirira m'mutu. Malizaninso ndi choonadi, ndipo nenani kumene mwachipeza. Mupatse mwini uthengawo mwayi woyankha, koma yankho lake lisakhale kuwerenganso uthenga uja.

Paja uthenga wolipira sufunsidwa funso, n'chifukwa chake andale ena amaukonda kuposa mtsutso. Mu 2019 a Peter Mutharika sanapite nawo ku mitsutso ya ofuna utsogoleri wa dziko, pamene a Lazarus Chakwera, a Saulos Chilima ndi a Atupele Muluzi anapita. M'dera lanu mudzakumana ndi woimira amene amagula nthawi tsiku lililonse koma mukamuitana ku mtsutso amati watanganidwa. Muitaneni ndi kalata, sungani kalatayo, ndipo tsiku la mtsutso uzani omvera kuti munamuitana koma sanabwere. Nthawi yakeyo musamubwezere mwa njira ina.

Chipondamthengo

Mawu amenewa tinawabwereka kwa asing'anga. Ndi kangachepe kamene wodwala amapereka kuti sing'anga alowe m'thengo kukakumba mankhwala. Pakati pa atolankhani ndi envelopu ija imaperekedwa msonkhano ukatha, ena amati thiransipoti, ena amati logistics. Sindikulemba izi ngati munthu wosadziwa njala. Ambiri a inu ndinu ongodzipereka, mwezi umatha osalandira kanthu, lendi ikudikira, mwana akufuna yunifolomu. Koma muone chinthuchi ndi maso a woperekayo. Kwa iye envelopu ndi malonda otsika mtengo kuposa onse, chifukwa ndi ndalama yosakwana kugula jingle ya sabata imodzi wapeza nkhani yoyamba ya madzulo, yowerengedwa ndi liwu lodalirika, yopanda mawu aja onena kuti yalipiridwa.

Ine ndinalandirapo, chaka changa choyamba pantchito. Tinapita ku msonkhano pa galimoto ya chipani china. Msonkhano uli m'kati, anyamata awo anagwira bambo wina amene ankadutsa ndi njinga atavala tisheti ya chipani chotsutsana nawo. Anam'ng'ambira tishetiyo ndi kum'menya mpaka kutuluka magazi m'kamwa. Ndinaona ndi maso angawa. Pobwerera ndinakhala m'galimoto momwemo pakati pa anyamata omwewo, envelopu ili m'thumba. Palibe anandiuza kuti ndisalembe. Ndinangofika ku situdiyo n'kulemba za malonjezo a mijigo ndi misewu, za bambo uja osatchulapo. Patapita masiku awiri mkazi wake anabwera ku wailesi, wapansi, kudzafunsa chifukwa chake sitinanene, poti anthu anamuuza kuti mtolankhani analipo. Nkhope ya mayi ameneyo sindinaiiwale. Envelopu sikulamula kunama. Imangokuchititsa manyazi kunena zonse, ndipo walira mvula walira matope.

Kungouza mnyamata wanjala kuti akane sikokwanira, wailesi iyenera kumuthandiza kukana. Pa msonkhano uja wokonzekera, gwirizanani kuti gawo lina la ndalama zochokera ku malonda andale lipite m'thumba lapadera lotolera nkhani za chisankho: mafuta a njinga yamoto, mayunitsi, bandulo ndi chakudya chamasana. Ndalama zomwezo zimene andale alipira poyera zikhale zomasula atolankhani ku ndalama zawo zamseri. Kukakhala kutali koti njira ina palibe koma kukwera nawo, mkonzi adziwe, ndipo m'nkhani mutchule kuti munayenda pa galimoto ya chipanicho. Musasaine pepala lawo la alawansi, musalandire nsalu kapena chipewa. Wina akakulowetsani envelopu m'thumba pagulu poti kukana kungakuikeni pangozi, musalimbane naye. Kaiperekeni kwa mkonzi tsiku lomwelo, ailembe m'buku, aibweze ndi kalata yaulemu.

Gulani kope la sukulu

Palibe mtolankhani amene amadziona kuti akukondera. Kukondera kumaoneka ukawerenga. Tengani kope, jambulani mizere: tsiku, dzina la woimira, mphindi zimene watchulidwa m'nkhani, ngati liwu lake lamveka kapena mwangomunenera, ndiponso ngati nkhani yake inali yoyamba kapena yomaliza. Patsamba lina lembani nthawi imene aliyense wagula. Lachisanu lililonse ikani masamba awiriwo pamodzi. Mukaona kuti wogula kwambiri ndi yemwenso akutsogola m'nkhani, dziwani kuti khoma lija labooka penapake. Sabata yotsatira nyamukani mukasake amene sakumveka. Kawirikawiri amakhala amayi, achinyamata ndi oima paokha, amene alibe ndalama ya jingle kapena galimoto yodzakutengani. MACRA nayo imawerenga nthawi imene mawailesi akupereka kwa zipani, ndiye ndi bwino vuto mulione nokha ena asanakuuzeni.

Amene ali kale pampando amavuta kuwerengera, chifukwa amakhala ndi zipewa ziwiri. Nduna ikabwera kudzatsegula chipatala kutatsala milungu itatu kuti anthu avote, amayi atavala nsalu za chipani, imeneyo ndi ntchito ya boma kapena kampeni? Magulu oona zisankho ochokera kunja, kuphatikizapo a European Union, akhala akudandaula pa zisankho zingapo kuti MBC imapereka nthawi yochuluka kwa chipani cholamula, ndipo njira imodzi imene zimachitikira ndi yomweyi. Ine ndimachita chonchi: za chipatalacho ndimanena monga nkhani, kuti chili ndi mabedi angati, chamangidwa ndi ndalama za ndani, chinayenera kutha liti, madokotala alipo kapena ayi. Nduna ikangoyamba kupempha mavoti, mphindi zimenezo ndimazilemba m'kope pa dzina la chipani chake, ndipo ndimaimbira opikisana nayo kuti nawonso alankhule.

Mapulogalamu oimba foni amakoma, koma pa nthawi ya kampeni ena mwa oimbawo amakhala atagulidwira mayunitsi. Mudzawadziwa: manambala omwewo tsiku lililonse, mayina osinthasintha, mawu ofanana ndendende ndi a mu jingle. Lembani manambala, ndipo munthu mmodzi asalowe kawiri pa sabata. Wina akanena chinthu chachikulu chopanda umboni, mufunseni pomwepo kuti wachiona yekha kapena wangomva. Mu June 2019, dziko litatentha chifukwa cha zotsatira za chisankho, MACRA inaimitsa mapulogalamu otere m'mawailesi onse, mpaka nkhaniyo inakathera kukhoti kumene chiletsocho chinachotsedwa. Ine ndinaona kuti kutseka pakamwa dziko lonse kunali kulakwa. Komabe tikamayendetsa mapulogalamuwa mosasamala timapereka tokha chifukwa kwa ofuna kuwatseka.

Masiku ano malonda ambiri safikanso pa ofesi ya zamalonda, amafika pafoni yanu. Chithunzi cha bwalo lodzaza, kalata yooneka ngati ya boma, kapena kafukufuku wonena kuti wakutiwakuti akutsogola ndi mavoti ochuluka. Cholinga chake n'chakuti inu muziwerenge pawailesi. Kafukufuku weniweni, ngati amene amachita a IPOR a ku Zomba kapena a Afrobarometer, amanena kuti anafunsa anthu angati, anawasankha bwanji, m'masiku ati, ndi kuti zotsatira zingaphonye ndi mlingo wotani. Wopanda zimenezi musamuulutse. Pa Facebook yang'anani ngati pansi pa dzina la tsamba palembedwa kuti Sponsored, chifukwa ndiye kuti wina walipira kuti muone. Tsegulaninso mbiri ya tsambalo muone tsiku limene linatsegulidwa ndi mayina amene linali nawo kale. Tsamba lodzitcha la nkhani limene labadwa miyezi iwiri chisankho chisanachitike, lomwe nkhani zake zonse zikutamanda munthu mmodzi, ndi chikwangwani cha kampeni.

Tsiku lina foni idzalira kwa manijala. Wandale amene wagula nthawi yambiri sanakondwe ndi nkhani ya dzulo, ndipo akuti achotsa malonda ake onse. Zoterezi zinagwerapo ngakhale akuluakulu: mu 2010 boma linalamula nthambi zake kuti zisiye kutsatsa malonda m'nyuzipepala za Nation Publications. Apa m'pamene kulipiriratu kuja kumakuthandizani. Manijala amumvere mwaulemu ndi kumufunsa chimene chalakwika m'nkhaniyo. Ngati mwalakwitsadi, konzani pawailesi, pa nthawi yofanana ndi imene munaulutsira cholakwikacho. Ngati nkhaniyo ndi yoona, mupatseni mwayi woyankha, ndipo akaumirira kuchoka mubwezereni ndalama za mauthenga amene sanauluke. Manijala asatchule dzina la mtolankhani amene analemba, ndipo asalowe m'chipinda cha nkhani kukasintha chiganizo. Zikafika poopsezana, dziwitsani mabungwe a atolankhani a MISA Malawi ndi Media Council of Malawi tsiku lomwelo.

Maola 48 omaliza

Kampeni imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti kuponya voti kuyambe. Mu 2025 inatha 6 koloko m'mawa pa 14 September. Lamuloli musalitenge mopepuka. Pa 19 May 2009, tsiku loponya voti lenilenilo, apolisi anatseka Joy Radio ku Blantyre ndi kumanga ena mwa ogwira ntchito powaganizira kuti aulutsa zokopa anthu nthawi ya kampeni itatha.

Pawailesi yaing'ono ngozi yotere siichokera kwa mkonzi. Imachokera m'kompyuta imene imadziimbira yokha usiku, kapena kwa mnyamata wa pulogalamu ya m'bandakucha amene wangotola nyimbo yomwe anthu akhala akuipempha mwezi wonse, osaganiza kuti ikutamanda woimira chipani. Choncho madzulo a tsiku lomaliza khalani anthu awiri pa kompyutayo. Tsegulani ndandanda ya masiku atatu akubwerawo, mzere ndi mzere. Chotsani ma jingle onse, nyimbo za zipani, ndi mapulogalamu obwereza amene munacheza ndi andale. Onaninso zimene munakonzeratu kuti zidzatuluke zokha pa tsamba la wailesi la Facebook. Mipata yotsalayo muikemo mauthenga a MEC ophunzitsa kavotedwe, nthawi yotsegulira malo oponyera voti, ndi zimene munthu ayenera kutenga popita kukavota. Mafayilo andalewo musawafafanize, chifukwa pakadzabuka dandaulo adzafunika limodzi ndi malisiti ndi kope lija. Asamutsireni pa flash, flashyo itsekeredwe m'dirowa ya manijala. Kenaka itanani aliyense amene akhale pa maikolofoni mpaka tsiku lovota, mumuuze pamaso kuti moni wopita kwa woimira chipani aliyense sawerengedwa, ndipo asaine m'buku kuti wamva.